Ma exosome akuti amachiza kufooka kwa pambuyo pa Covid, alipo akuzidziwa?

NaPhiri_25

Moni nonse, ndalemba kuno chifukwa ndasowa pofunsa. Ine ndinadwala Covid mu July 2021 nthawi ya Delta ija, ndinagonekedwa masiku 9 pa oxygen, nditatuluka aliyense ankati mwachira tithokoze Mulungu ndipo ndimathokozadi, koma chitulukireni mchipatala thupi langali silinabwerere mwakale. Ndine mphunzitsi wa sitandade 6, kale ndimaima pa bolodi tsiku lonse nkukafika kunyumba kuchapa, kuphika, pano ndikangochapa beseni limodzi la zovala za ana mawa lake ndimadzuka ngati andimenya ndi zibonga, miyendo kulemera, mtima kugunda ngati ndathamanga, ndiye chomwe chimandiliza kwambiri ndi kuiwala, ndimatha kuima kutsogolo kwa ana mawu ali pakamwa koma osatuluka, dzina la mwana yemwe ndamuphunzitsa teremu yonse kundithawa.

Nde achimwene anga ali ku Joni anditumizira vidiyo pa WhatsApp, munthu wovala gauni yoyera akukamba za ma exosome, akuti ndi timatumba tochokera mmaselo, amakuika pa dilipi kawiri katatu long covid, kudwala kopitirira pambuyo pa Covid ngati kwangaku, nkutheratu. Mtengo wake ndi woopsa koma iwo akuti agulitsa galimoto kuti ndipite, pomwe galimoto imeneyo ndi yomwe amadyera. Kodi ma exosome ndi chani kwenikweni ndipo akukhudzana bwanji ndi matenda angawa?

Chisale_wa_ku_labu

Asisi pepani kwambiri ndi zomwe mukudutsamo. Ine ndimagwira ku labu ndipo nkhani imeneyi ndaitsatira ndithu, ndiyesetsa kufotokoza bwino bwino.

Timatumbato tilipodi, si bodza. Dzina lake lonse ndi extracellular vesicles, ma exosome ndi mtundu umodzi chabe, ting'onoting'ono kwambiri. Maselo athu, kaya a mmagazi, a mmapapo, a muubongo, amatulutsa timatumba tokutidwa ndi kachikopa ka mafuta, mkati muli mapuloteni ndi RNA (timauthenga touza selo zoyenera kupanga), nkutisiya tiziyenda mmagazi mpaka kukafika ku maselo ena akutali. Zili ngati mmene achimwene anuwo amapatsira transipota katundu ku Joni, iwo sabwera koma katundu amafika pakhomo panu, ndipo mukamasula chikwamacho mumadziwiratu kuti kumeneko zinthu zikuyenda bwanji. Ma exosome kukula kwake ndi ma nanometer 30 mpaka 150, kuti tikwane kunenepa kwa tsitsi limodzi pafunika mazanamazana, maikolosikopu yathu yoonera malungo ija singatione olo pang'ono. Kale ankangotiyesa zinyalala, mu 1967 Peter Wolf ku Birmingham atatipeza mmagazi anatitcha fumbi la ma platelet, tizigawo ta mmagazi tothandiza kuti magazi aundane munthu akavulala.

Tsono pa Covid ndi apa. Selo ikalowedwa ndi kachilombo, katundu yemwe imalongedza mtimatumbamo amasintha. Mwa odwala kwambiri aja anapeza timatumba tambiri tonyamula tissue factor, puloteni yomwe imayambitsa kuundana kwa magazi. Mu 2022 gulu la ku University of California San Francisco linapeza mapuloteni a kachilomboka mtimatumba tochokera ku maselo a ubongo mwa anthu a long covid, ndipo ina inali yochulukirapo mwa omwe ankadandaula za ubongo ndi maganizo, ngati kuiwala mukunenaku. Mu 2025 ofufuza a ku Lundquist Institute ndi TGen ku America anapezanso tizidutswa ta puloteni yomwe kachilomboka kamagwiritsa ntchito poswana, tili mtimatumba ta mmagazi a anthu odwala long covid, koma anthu ake anali 14 okha. Maganizo alipo ndi oti mwina zotsalira za kachilomboka zimabisala penapake mthupi, timatumbati nkumazinyamula kuzungulira nazo, chitetezo cha mthupi nkumangokhala chili pa nkhondo osapuma, munthu nkumangotopa. Izi zikadali pa kafukufuku, palibe chipatala chomwe chingakuyezeni timatumba nkukuuzani kuti muli ndi long covid kapena mulibe.

Koma chonde mvetsani apa asisi chifukwa ndi pomwe anthu akuberedwa. Ofufuzawa akumasula timatumba ta mmagazi a wodwala mwiniwake kuti aone zomwe zili mkati. Za pa dilipi zija ndi zina, ndi timatumba totengedwa ku maselo a munthu wina oweteredwa mu labu, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America la FDA silinavomereze mankhwala a exosome ngakhale amodzi pa matenda aliwonse. Mu December 2019, Covid tisanaidziwe nkomwe, linachita kutulutsa chenjezo anthu atadwala modetsa nkhawa ku Nebraska atabayidwa zinthu zomwezi. Ogulitsawa amangotenga mawu a sayansi enieni nkuwamata pa botolo. Galimoto asagulitse.

Mai_a_Tada_Leeds

Ndawerenga misozi ili mmaso chifukwa ndi ine ndemwe. Ndinadwala January 2021 ndili pa ntchito yosamalira okalamba kuno, ndipo chomwe mwanena cha kuchapa lero nkugwa mawa ndi chimene chinandizunza kwambiri, ndinkati ndilimbe mtima ndigwire ma shifiti ambiri thupi lizolowere, mmalo mwake ndimagona masiku atatu osatha olo kusamba. Ku kiliniki ya long covid kuno anandiuza kuti zimenezi zili ndi dzina, post-exertional malaise, kutopa kwake sikubwera pompopompo, kumabwera patapita tsiku kapena awiri, nde kudzikakamiza kumangoonjezera. Anandiphunzitsa kugawa mphamvu ngati ufa wa kumapeto kwa mwezi. Ndinagula kakope ndimalemba zomwe ndachita tsiku lililonse ndi mmene ndadzukira, ndinaona ndekha kuti kuima nthawi yaitali ndi kumene kumandigwetsa kuposa kuyenda. Pano ndimaphika nditakhala pa mpando, zovala ndimachapa zochepa zochepa, ndimasiya ntchito ndisanatope osati nditatopa kale. Sindinachiriretu koma ndikugwira ntchito masiku atatu pa sabata. Inu pemphani ahedi akuikireni mpando kutsogolo muziphunzitsa mutakhala, ana ena azikulemberani pa bolodi, palibe chamanyazi pamenepo.

Kwathu anafika ponena kuti wina wandilodza chifukwa ndili kunja, ena ankati ndi ulesi wa ku UK. Zimapweteka achemwali, nchifukwa chake zomwe alemba a Chisalezi zandilimbitsa mtima, kuti mmagazi mwathu muli zinthu zooneka ndithu.

Namwino_Mpoto

Amayi, musanaike zonse pa Covid pitani akakuyezeni zinazi kaye: kuchuluka kwa magazi, shuga, BP, makhololo ngati pali kachifuwa kapena thukuta la usiku, HIV, ndi chithokomiro ngati kuli kotheka. Ngakhale a WHO pofotokoza matendawa mu October 2021 anati ndi zizindikiro zomwe zilipo miyezi itatu chiyambireni Covid, zakhala miyezi iwiri kapena kuposa, ndipo palibe matenda ena omwe angazifotokoze. Ndaonapo azimayi ambiri akutopa, mtima kugunda, chizungulire, tikayeza nkupeza magazi ndi ochepa kwambiri chifukwa cha msambo wochuluka, atamwa mankhwala oonjezera magazi miyezi itatu nkusintha. Ena shuga anayamba kuonekera atadwala Covid. Zitha kukhalanso zonse ziwiri pamodzi, nde chochizikacho tichize kaye. Ndipo mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika mwadzidzidzi kapena mwendo umodzi kutupa, musadikire kuche, thamangirani kuchipatala.

Chisale_wa_ku_labu

Anamwino anena zoona, kuchuluka kwa magazi (full blood count) ndi shuga sizivuta kuyeza. Ndionjezere kamodzi poti achimwene ali ku South Africa, akhoza kumvanso za microclots, timagazi toundana ting'onoting'ono tomwe Resia Pretorius wa ku Stellenbosch University analemba mu 2021 kuti anatipeza mwa odwala long covid. Ameneyonso ndi kafukufuku weniweni, koma wina asakupatseni mankhwala osungunula magazi chifukwa cha zimenezo popanda dokotala, amatha kutayitsa magazi mkati munthu osadziwa.

NaPhiri_25

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Achimwene ndawatumizira zomwe mwalemba a Chisale, anaimba foni usiku womwewo, poyamba anakhumudwa poti mtima wawo unali pondithandiza koma avomera, galimoto sagulitsa, ati atumiza ya mayeso ndi ya mtsikana wondithandiza kuchapa. Anamwino, za msambo mwanenazo zandigunda chifukwa zaka ziwirizi wakhala ukuchulukadi ndipo sindinauzepo dokotala aliyense, Lachiwiri ndipita ndikayezetse. Mai a Tada kakope ndagula kale, kodi inu mumalemba chani ndi chani, maola ogona mumalembanso?