Liwu loti "mfundo": kodi akale ankatanthauza chiyani?

Wofunsa: Akuluakulu, masiku ano tikamva "mfundo" timaganiza za pamsonkhano: mfundo yoyamba, mfundo yachiwiri. Koma ena akuti kalelo mfundo inali ya pachingwe. N'zoona? Polemba m'Chichewa za masamu a knot, ophunzira za zingwe zomangidwa, monga zomwe zinasonkhanitsidwa pa webusaiti ya Knot Atlas, pakufunika liwu limodzi lokhazikika.

Woyamba kuyankha: N'zoona, ndipo tanthauzolo silinafe. Mfundo ndi pamene chingwe kapena luzi lamangidwa n'kutupa. Nzimbe ndi nsungwi nazonso zili ndi mfundo, pamene mpeni umavutika kudula. Ya pamsonkhanoyo ndi yomweyi, pamene nkhani yagwirana. Ligwiritseni ntchito mosaopa.

Wachiwiri: Ligwiritseni, koma ndi chenjezo. Mfundo ya pamasamu ilibe nsonga. Mangani mfundo wamba pachingwe, kenako lumikizani nsonga ziwirizo kuti chikhale chozungulira. Mukachiyala pansi mupeza malo atatu pamene chingwe chadutsa pamwamba pa chinzake. Imeneyo ndi trefoil, yomwe m'tebulo la mfundo imalembedwa 3_1: 3 ikuimira malo atatuwo, 1 ikusonyeza kuti ndi yoyamba m'gulu lake. Malowo musawatchulenso mfundo, musokoneza owerenga, atchuleni mphambano. Khwekhwe la msampha silili m'gululi, chifukwa mukakoka nsonga limamasuka lonse n'kutsala chingwe chabe.

Wofunsa: Nanga ija yolumikizira nsonga ziwiri, kumanja pamwamba kenako kumanzere pamwamba? M'tebulo sindikuiona.

Wachiwiri: Simuiona, achimwene. Tebulo la katswiri wa masamu Rolfsen la 1976 lili ndi mfundo zosagawika zokha, zomwe sizipangidwa polumikiza mfundo ziwiri zing'onozing'ono, kulekeza pa mphambano 10. Yanuyo ndi ma trefoil awiri olumikizana, wina wopotera kumanja, wina kumanzere, mphambano 6 zonse pamodzi. Mukabwereza dzanja lomwelo kawiri mupeza ina yofanana nayo pamaso koma yosachedwa kuterereka ikalemedwa. Katswiri wa masamu Max Dehn anatsimikiza mu 1914 kuti trefoil wa kumanja sangasanduke wa kumanzere popanda kudula chingwe, choncho lembani mbali yomwe mwajambula. Pa njira zamasamu zozindikirira mfundo, Alexander polynomial sisiyanitsa awiriwa, Jones polynomial ya 1984 ndiyo imatero.

Wachitatu: Pali mwambi wokuthandizani pofotokoza: khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Akale ankanena za munthu wozungulirazungulira koma cholinga chake chili chimodzi. Chingwe nacho chimatero. Mutha kuchipota kamodzi, kugoneka mbali ina pamwamba pa inzake, kapena kuwolotsa mbali pamwamba pa mphambano. Awa ndi masinthidwe atatu a Reidemeister, otchedwa dzina la katswiri wa masamu. Chithunzi chimasintha, mfundo ayi. Apa ndi pamene olemba atsopano amagwa: aona chithunzi cha mphambano 7 n'kuchiika pa zamphambano 7, chonsecho ziwiri zikadachoka pongochiwongola. Nambala ya m'tebulo ndi yochepetsetsa yomwe ingatheke.

Musanatumize mfundo iliyonse kwa anzanu, lembani DT code yake, womwe ndi mndandanda wa manambala woimira chithunzicho. Yambani pena paliponse, tsatani chingwe, ndipo mphambano iliyonse mukafikapo ipatseni nambala, 1, 2, 3, mpaka mutabwerera poyambira. Iliyonse mudutsapo kawiri, ndiye ikhala ndi nambala ziwiri, ina yogawika ndi 2, ina yosagawika. Ndandalikani zogawikazo motsatira anzake 1, 3, 5. Trefoil ikupatsani 4 6 2, ndipo 4_1 ikupatsani 4 6 8 2. Mphambano ikapezeka ndi zogawika zokhazokha, mwadumpha penapake, yambiraninso.

Wachiwiri: Ndipo ma code awiri akasiyana musathamangire kunena kuti mfundozo n'zosiyana. Mfundo zosagawika za mphambano 8 zilipo 21, za 9 zilipo 49, za 10 zilipo 165. Matebulo akale ankawerenga 166, mpaka Kenneth Perko anaonetsa mu 1974 kuti 10_161 ndi 10_162 ndi mfundo imodzi yogonekedwa mosiyana. N'chifukwa chake manambala a kumapeto kwa gulu la 10 amasiyana pakati pa matebulo. Tchulani tebulo lomwe mukutsata.