Loni ndi yanga koma chikole ndi nyumba ya malume, bwanji banki ikuchedwetsa ndalama?

chisomo_chokha: Abale amene mumadziwa za ma loni kuno ku America ndithandizeni. Ndikugula nyumba yanga yoyamba koma dipoziti inaperewera, ndiye malume avomera kuti nyumba yawo, imene akukhalamo ndi akazi awo, ilowenso ngati chikole. Pa ngongole palibe dzina lawo, wobweza ndine ndekha. Koma banki ikuti iwonso asaine mapepala awo, alandire Closing Disclosure (pepala lofotokoza ndalama zonse ndi mfundo za loniyo) ngati ine, ndiye akuti tikasaina ndalama sizituluka mpaka padutse masiku atatu. Wogulitsa akufuna zonse zithe Lachisanu. Ndi lamulo zimenezi kapena a banki angokonda kuvuta?

wamaloni77: Ndi lamulo achemwali, banki sikukuvutani dala ayi. Ine ntchito yanga ndi yomweyi. Lamulo la za ngongole la Truth in Lending Act la 1968 ndi Regulation Z yake (malamulo ofotokoza mmene ligwirire ntchito) amati munthu aliyense amene nyumba imene amakhalamo yaikidwa chikole ali ndi ufulu wosintha maganizo, ngakhale sanatengeko kakobiri pa loniyo. Sayang'ana kuti wabwereka ndani, amayang'ana kuti nyumba imene ingalandidwe ndi ya ndani ndipo akugonamo ndani. Anthu amasokonezeka chifukwa loni yogulira nyumba nthawi zambiri ilibe masiku atatu amenewa, zoona, koma zimenezo ndi za nyumba imene ikugulidwayo basi, ya malume anu siikugulidwa ndiye iwo ufulu ali nawo, ndipo mwini aliyense alandire mapepala awiri ofotokoza za ufuluwo. Mmodzi yekha akangoti ndakana, zathera pomwepo kwa onse.

Kuwerenga kwake samalani. Loweruka amaliwerenga, Lamulungu ndi maholide a boma ayi. Mukasaina Lachisanu ndiye kuti Loweruka, Lolemba, Lachiwiri mpaka 12 koloko usiku, ndalama Lachitatu. Ngati wogulitsa wakakamira Lachisanu funsani ngati mungasaine Lolemba, bola Closing Disclosure ikhale itafika masiku atatu a ntchito musanasaine.

chisomo_chokha: Zikomo achimwene. Nanga malume sangangolemba kuti masikuwo sakuwafuna? Iwo alibe nazo vuto.

wamaloni77: Njira ilipo koma ndi ya mavuto enieni a ndalama adzidzidzi, eni nyumba onse alembe okha chifukwa chake, aike deti, asaine, fomu yosindikiza kale siloledwa. Kufulumira kwa wogulitsa ndikukayika ngati banki ingavomere. Amaopa chifukwa akalakwitsa mapepala amenewa ufulu uja sutha pa masiku atatu, umatha kufika zaka 3, ndipo munthu akasintha maganizo chikole chimafa. Palibe banki imene ingasewere nazo.

mayi_awiri: Kuwonjezera pa za achimwenewa, funsani ngati aunt dzina lawo lili pa mapepala a umwini wa nyumbayo. Ngati lilipo ndiye nawonso ali ndi ufulu wokana paokha. Ngakhale palibe, ma state ena amafunabe kuti mkazi asaine pa chikole cha nyumba ya banja. Chinanso chimene chimadzidzimutsa anthu ndi madzi osefukira, banki iyenera kuyang'ana nyumba zonse ziwiri pa mapu a FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndiye ya malume ikapezeka m'dera lowopsa afuna inshuwalansi ya madzi pa nyumba imeneyonso, ndipo mukambirane msanga kuti azilipira ndani mwezi ndi mwezi, nkhani ngati zimenezi ndi zimene zimadanitsa pachibale.

bambo_wa_zii: Ine za malamulo ndasiyira anzangawa, koma ndinene zimene enanu mukuchita nazo manyazi. Malume akumvetsa kuti inu mukadzalephera kubweza, kaya ntchito yatha kaya matenda, banki ikhoza kugulitsa nyumba yawo iwo osadyapo kanthu? Achikulire ambiri amasaina chifukwa cha chikondi, amaona ngati akungochitira umboni. Masiku atatu mukuti akuchedwetsaniwo anaikira anthu ngati iwowa. Apezereni loya wawo, osati wa banki, awawerengere zonse inu mulibepo kuti amasuke kufunsa. Mufunsenso banki, ndipo ilembe, kuti mukabweza zingati nyumba ya malume idzachotsedwe pa chikole, apo ayi ikhala yomangika mpaka loni yonse ithe.

chisomo_chokha: Eee za kuchotsa pa chikolezo palibe anandiuza. Mawa ndiimba ku banki, wogulitsayo ndimupempha atidikire mpaka Lachitatu.