Ndingadziwe bwanji ngati malonda a galimoto yakale pa intaneti ndi achinyengo?

Wofunsa:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukugula ndi kukonza magalimoto akale. Ndaona pa intaneti malonda a Volkswagen Beetle imene wogulitsa akuti ndi ya 1968. Pa zithunzi ikuoneka yosamalika, penti ikung'anima, mipando ilibe pong'ambika, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi ma Beetle ena a msinkhu womwewo. Nditamulembera, wandiyankha mwaulemu kuti galimotoyo inali ya malemu bambo ake, kuti iye anapita kunja kukagwira ntchito, ndipo galimoto anaisiya m'manja mwa kampani yonyamula katundu imene idzandibweretsera. Akuti ndalama ndisatumize kwa iye koma ku kampani ina yosunga ndalama pakati pa wogula ndi wogulitsa, ndipo galimotoyo ikadzapanda kundisangalatsa ndalamazo zidzabwezedwa. Pa foni akuti sangathe kulankhula, ndipo akufuna dipoziti sabata ino chifukwa pali enanso amene akuifuna. Galimoto ya mtunduwu ndakhala ndikuilakalaka kwa nthawi yaitali, choncho sindikufuna kuitaya chifukwa cha mantha chabe. Kodi pali njira yotsimikizira kuti galimotoyi ilipodi ndisanatulutse ndalama?

Wokonda Zakale:

Achimwene, musatumize ndalama iliyonse, ngakhale dipoziti yochepa. Nkhani imene mwafotokozayi ndi imene akathyali amagwiritsa ntchito kawirikawiri: mwini galimoto wamwalira kapena banja latha, wogulitsa ali kutali kapena ndi msilikali amene akutumizidwa kunja, galimoto ili m'manja mwa onyamula katundu kumene simungakaione, ndipo mtengo wotsikawo ndi nyambo. Mbali iliyonse ya nkhaniyi ili ndi ntchito yake. Maliro amakuchititsani manyazi kufunsa mafunso ambiri, kutalika kwa mtunda kumafotokoza chifukwa chimene simungaionere galimoto, ndipo ogula ena osaonekawo amakupatsani phuma.

Yambani ndi zithunzizo. Zifufuzeni pa Google Lens kapena TinEye, zida za pa intaneti zofufuzira kumene chithunzi chinaonekapo kale, chifukwa nthawi zambiri mumapeza kuti zinatengedwa pa malonda enieni akale, mwina a m'dziko lina, galimoto yake itagulidwa kalekale. Mukapanda kuzipeza musafulumire kukondwera, popeza ena amatembenuza chithunzi kapena kuchidula m'mbali kuti chisadziwike. Chiwongolero chikakhala mbali yosiyana pa zithunzi ziwiri za galimoto imodzi, kapena zolembedwa zikamawerengeka chobwerera m'mbuyo, dziwani kuti chithunzicho chatembenuzidwa. Tengani ndime imodzi ya mawu a malondawo n'kuifufuzanso, chifukwa anthu amenewa amakopera mawu omwewo pa magalimoto osiyanasiyana.

Kenako mupempheni chinthu chimene munthu wongoba zithunzi sangachite. Muimbirane pa vidiyo ataima pafupi ndi galimotoyo, atsegule kumbuyo kumene kuli injini, ailize inu mukuona, ndipo akuonetseni pepala lolembedwa tsiku la lero ndi mawu amene mwamuuza inuyo. Mwini weniweni, kapena m'bale amene anamusungitsa, sizimamutengera nthawi. Wachinyengo amabweretsa zifukwa zatsopano, kaya galimoto yatsekeredwa kale m'kontena, kaya malamulo a kampani salola.

Makaniko Wopuma:

Ndikugwirizana ndi zimene anena anzangawa, koma ndikufuna kuwonjezera chinyengo cha mtundu wina chimene chimapweteka ngakhale anthu ochenjera, chifukwa galimoto yake imakhala ilipodi, kungoti si imene ikunenedwa.

Magalimoto opangidwa kuyambira 1981 ambiri ali ndi nambala yozindikiritsa galimoto, yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, yopanda zilembo I, O ndi Q. Akale kuposa pamenepo kampani iliyonse inali ndi kalembedwe kake, ndipo n'chifukwa chake makampani ofufuza mbiri ya galimoto pa intaneti nthawi zambiri sapeza kanthu pa magalimoto amenewa. Muyenera kudziwa kalembedwe ka mtundu umene mukugulawo. Pa Beetle nambala ya chassis (chimango cha pansi pa galimoto) inadindidwa pa chitsulo cha pakati, pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo ilinso pa kachitsulo kamene kali kutsogolo, kuseri kwa tayala la sipeya. Kuyambira pa magalimoto a 1965, manambala awiri oyamba amasonyeza mtundu ndipo yachitatu imasonyeza chaka, kotero nambala ya Beetle wamba ya 1968 iyenera kuyamba ndi 118. Kumbukiraninso kuti Volkswagen inkayamba chaka chake cha magalimoto mu Ogasiti, motero galimoto yotuluka m'fakitale mu Seputembala 1967 ndi ya 1968. Chaka chimenechi ndi pamenenso potsira mafuta panabwera kunja, pa kachitseko ka kudzanja lamanja chakutsogolo, pomwe pa akale munthu ankayamba watsegula boneti. Ngati pa zithunzi zanuzo kachitsekoko palibe, funsani chifukwa chake.

Ndikunena zimenezi chifukwa bodi ya Beetle imangomangidwa ndi mabawuti pamwamba pa chassis, ndipo anthu amatha kuichotsa n'kuika ina. Kusintha bodi pokonza galimoto si mlandu, mlandu ndi kubisa. Nambala ya pansi pa mpando, ya pa kachitsulo ndi ya pa mapepala a umwini ziyenera kufanana. Ikani tochi chammbali pa nambala yodindidwayo, osati molunjika. Mukaona kuti chitsulo chozungulira nambala chinapalidwa, kapena pali mzere wowotcherera mozungulira, kapena manambala ena ndi akuya kuposa anzawo, siyani galimotoyo, chifukwa mwina ndi yobedwa ndipo tsiku lina apolisi adzakulandani inuyo.

Pa magalimoto odula, makamaka ngati Mini Cooper S, anthu amatenga galimoto wamba n'kuimata zizindikiro za yodulayo. Apa zikalata zochokera m'kaundula wa fakitale zimathandiza. Volkswagen imapereka chikalata chotere munthu akalipira, Mercedes-Benz ili ndi khadi losonyeza momwe galimoto iliyonse inatulukira, ndipo British Motor Museum ku Gaydon imapereka cha magalimoto ambiri a ku Britain monga MG, Austin ndi Land Rover. Chikalatacho chimangonena za nambala, sichinena kuti chitsulo chimene mukuchionacho ndi chenicheni, choncho maso amafunikabe.

Za penti yong'anima, musatengeke nayo. Tengani maginito ochepa mphamvu, muwakulunge m'kansalu, muwayendetse m'munsi mwa zitseko ndi m'mbali mwa matayala, ndipo pamene akugwa pali fila, phala lomatira bodi, wobisa dzimbiri. Pa Beetle gogodani m'munsi mwa bodi, m'ngalande zimene mumadutsa mpweya wotentha, komanso pansi pa batire, chifukwa m'menemo ndi momwe mumawola msanga ndipo kukonza kwake kumadula kwambiri. Makilomita olembedwa pa malonda musawakhulupirire popanda malisiti a ku galaja, popeza mita ya magalimoto amenewa ili ndi manambala asanu okha, ikafika 99,999 imayambiranso pa ziro.

Mayi Wosunga Mercedes:

Bambo makaniko afotokoza bwino, koma pali mfundo imodzi imene ndikufuna isasokonekere. Si wogulitsa aliyense wakutali amene ndi wakuba, ndipo anthu ambiri amagula magalimoto akale kuchokera m'mayiko ena popanda vuto. Chimene chimasiyanitsa ndi chakuti ndani akusankha anthu olowa pakati. Ngati simungapiteko nokha, lembani ntchito katswiri woyendera magalimoto amene mwamupeza inuyo, kapena pemphani kalabu ya eni magalimoto a mtunduwo kudera limenelo kuti ikulozereni munthu wokaiona. Wogulitsa woona amanena kumene galimoto ili ndipo amamulandira.

Makampani osunga ndalama pakati pa wogula ndi wogulitsa enieni alipo, koma akathyali amapanga masamba awoawo a pa intaneti ofanana nawo, dzina losiyana ndi chilembo chimodzi, ndipo amatumizanso makalata onamizira kuti achokera ku eBay kapena kampani ina yodziwika. Musadine linki imene wakutumizirani. Lembani nokha adiresi ya kampaniyo, muiimbire pa nambala imene mwaipeza nokha, ndipo mufunse ngati ikudziwa za malondawo. Mukhozanso kufufuza pa WHOIS, kaundula wa maadiresi a pa intaneti, tsiku limene tsambalo linalembetsedwa, chifukwa kampani yonena kuti yagwira ntchito zaka zambiri pomwe tsamba lake linatsegulidwa mwezi watha yadziulula yokha.

Aliyense wofuna kulipidwa kudzera pa Western Union, MoneyGram, makadi a mphatso kapena bitcoin mukaneni, chifukwa ndalama zotumizidwa motero zikatengedwa n'kovuta kwambiri kuzibweza. Ngakhale chitetezo cha ogula cha PayPal sichikhudza magalimoto. Dzina la pa akaunti ya ku banki liyenera kukhala lomwe lili pa mapepala a umwini, ndipo ngati galimoto inalidi ya malemu, mwanayo aonetse kalata yomupatsa mphamvu zogulitsa chuma cha masiye. Ndikuchenjezeninso kuti musamutumizire chithunzi cha chiphaso chanu, chifukwa adzachigwiritsa ntchito podzionetsa ngati inuyo kwa munthu wina amene akufuna kumubera.

Wokonda Zakale:

Achimwene, mukamulembera mufunse zinthu ziwiri zokha: adiresi ya malo amene galimoto yasungidwa, ndi chithunzi cha nambala ya pansi pa mpando wakumbuyo chokhala ndi pepala la tsiku la lero pambali pake. Akakana kapena akazemba, sungani makalata onse ndi nambala ya akaunti imene anakupatsani, mudziwitse eni tsamba limene munaonapo malondawo kuti awachotse, ndipo mukanenenso kupolisi.