Radar ikazima mwadzidzidzi, ndege zimapewana bwanji?

Moni nonse abale a kuno ku Joni, makamaka inu ogwira ntchito za ndege. Ndikuphunzira kuyendetsa ndege zing'onozing'ono ku Germiston, ndipo pali nkhani yandiimitsa mutu pokonzekera mayeso.

Za mitundu iwiri ya radar ndazimva: ina imaona ndege mafunde akagunda thupi lake n'kubwerera, ina imadikira kuti transponder, kachipangizo ka m'ndegemo kotumiza zizindikiro za ndegeyo, iyankhe. Pamene ndatsamwa ndi apa: radar ikazima ndege zitandandana kulowera ku bwalo la ndege la OR Tambo, woziwongolera amatani mphindi zoyambirirazo? Amazitalikitsa ndi nthawi ndi msinkhu basi, kudalira zimene oyendetsa akumuuza pa wailesi?

Mabuku athu ndawerenga, koma amangodutsapo. Aphunzitsi anandifotokozera mbali ya woyendetsa yokha. Pa YouTube pangodzaza za ku America.

Chinandiopsa ndi ngozi ya ku Überlingen ku Germany mu 2002, pamene ndege ziwiri zinagundana m'mwamba n'kupha anthu 71. Usiku umenewo zipangizo za owongolera ndege zinali kukonzedwa, chochenjeza cha pansi sichimagwira, ndipo wowongolera anauza ndege imodzi kuti itsike pamene TCAS, chipangizo cha m'ndege chochenjeza kuti ndege zisagundane, inkati ikwere. Lero lamulo ndi kumvera TCAS, chabwino. Nanga kandege kathu kopanda TCAS, kouluka m'munsi mwa zikuluzikuluzo, transponder ikafa amationabe bwino?

Ngati muno muli wina wa ku ATNS, kampani yowongolera ndege kuno ku South Africa, kapena amene anaphunzira ku sukulu yawo ya ku Bonaero Park, chonde ndithandizeni, ngakhale kungonditchulira buku loyenera. Zikomo kwambiri.