Zoyeserera za ngozi m'sitima yapamadzi: amayi anga amayenda ndi ndodo, tidzatani?

NaPhiri, Kapata, Chipata

Moni kwa nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene anakwerapo sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja ya mchere, makamaka amene anapitapo ndi munthu wachikulire. Mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg watilipirira ulendo wa masiku anayi wochokera ku Durban kupita kugombe la Mozambique mu Disembala, ngati mphatso kwa amayi athu amene akwanitsa zaka 78. Tidzapita atatu, ineyo, iyeyo ndi amayi. Amayi ali ndi nyamakazi m'mawondo onse awiri, amayenda ndi ndodo, ndipo popita kutchalitchi, komwe ine ndimafika m'mphindi zisanu, iwo amapuma kawiri panjira. Masitepe atatu kapena anayi amakwera atagwira munthu, koma kupitirira pamenepo sangathe. Khutu lawo lakumanzere silimva bwino, ndipo Chingerezi amangotolamo mawu apa ndi apo.

M'mapepala amene mlongo wanga watumiza mwalembedwa kuti wokwera aliyense ayenera kuchita nawo zoyeserera za ngozi sitima isananyamuke. Ndamva kuti pa nthawi imeneyo anthu masauzande amatsika masitepe pamodzi zikepe zitatsekedwa, n'kukaima pamizere kwa nthawi yaitali. Kodi amayi angaloledwe kutsala m'chipinda, ine n'kukawaimirira? Ngati n'zosatheka, tichite chiyani kuti asagwe kapena kukankhidwa?

Palinso fomu yofunsa ngati pali wokwera wofunika thandizo lapadera. Amayi akaniratu kuti tisawalembe, akuti iwo si olumala popeza mtedza wa chaka chatha anakumba okha. Mlongo wanga nayenso akuopa kuti tikalemba, angawakanize kukwera.

Bambo Mwanza, Petauke

A NaPhiri, musade nkhawa kwambiri. Ine ndi akazi anga tinakwera pa Durban pomwepo, ndipo za mizere ya panja zimene mwamvazo sitinazione. Tinaonera filimu yaifupi pa TV ya m'chipinda, kenako tinapita pamalo osonkhanira amene analembedwa pakhadi lathu lokwerera sitima, wantchito n'kuunika khadilo ndi kamakina, basi zinathera pomwepo. Mukhoza kungotenga khadi la amayi anu pamodzi ndi lanu, iwo akupuma m'chipinda. Za fomuyo, ine ndikuona kuti muisiye, chifukwa munthu wamkulu mukamukhumudwitsa ulendo usanayambe, sasangalala mpaka pobwerera.

Bambo Nyirenda, Lundazi

Ndinagwira ntchito yoperekera zakudya m'sitima zoterezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pa tsiku la zoyeserera ntchito yanga inali yoima pamasitepe n'kumalozera anthu njira. Zimene Bambo Mwanza anena za filimu n'zoona, chifukwa kuyambira nthawi ya COVID-19 makampani ambiri anasiya kuunjika anthu onse pamodzi, ngakhale ena amachitabe mwakale kapena amasakaniza njira ziwirizi. Koma pa za khadi ndi fomu, bambo, mundikhululukire, ndikusiyana nanu kwambiri.

Zoyesererazi zimachokera m'pangano la mayiko lotchedwa SOLAS, lomwe linalembedwa koyamba mu 1914 sitima ya Titanic itamira mu 1912, ndipo lerolino limayang'aniridwa ndi bungwe la mayiko loona za maulendo a panyanja lotchedwa IMO, lomwe likulu lake lili ku London. Kale lamulo linkalola kuti okwera aphunzitsidwe nthawi iliyonse m'maola 24 atakwera. Pa 13 Januwale 2012, sitima ya Costa Concordia inagunda thanthwe pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy patangopita maola ochepa ichokere padoko la Civitavecchia, ndipo amene anakwera tsiku limenelo anali asanaonetsedwe kopita chifukwa zoyeserera zawo zinali za mawa lake. Anthu 32 anamwalira. Kuyambira pa 1 Januwale 2015, lamulo likuti okwera asonkhanitsidwe sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka kumene. Choncho wantchito amene akuunika makadi amayenera kuona munthu mwiniwake, ndipo amene sanaoneke amafunidwa, mwina poitana dzina lake pa zokuzira mawu kapena pomulembera kalata yoti akaonekere payekha. Ndikukhulupirira kuti amayi anu, omwe sakufuna kuonekera pagulu ngati ofooka, angachite manyazi kwambiri dzina lawo litamveka sitima yonse.

Tsopano za fomu. Pangano lomweli limanena kuti anthu amene adziulula kuti adzafunika thandizo pa nthawi ya ngozi alembedwe, ndipo kaputeni adziwitsidwe sitima isanachoke padoko. Mndandanda umenewu ndi umene umagwiritsidwa ntchito pogawa antchito oti akathandize anthuwo. M'sitima zimene ndinagwiramo munali gulu losankhidwiratu lomwe belu la ngozi likalira linkapita kuzipinda zolembedwazo, ndipo linali ndi mipando yapadera yonyamulira munthu pamasitepe. Pa ngozi yeniyeni okwera saloledwa kugwiritsa ntchito zikepe, chifukwa magetsi akazima munthu amatsekeredwa m'kati, komanso utsi umakwera mosavuta m'njira ya chikepe. Ndiye taganizani: chipinda chanu chili pansanjika yachisanu ndi chinayi, malo osonkhanira ali pa yachisanu ndi chimodzi, ndipo dzina la amayi palibe pamndandanda. Palibe amene adzabwere kudzagogoda ndi mpando uja, popeza m'mabuku a sitima iwo ndi munthu wotha kutsika yekha.

Za kuopa kuti angawakanize, pa zaka zonse zimene ndinagwira ndinaona okwera ambirimbiri a ndodo ndi a njinga za olumala, ena achikulire kuposa amayi anu. Chimene makampani amafuna kawirikawiri n'chakuti munthu wosatha kudzisamalira akhale ndi womuperekeza, ndipo inu mulipo awiri. Werengani malamulo a kampani yanuyo, chifukwa ena amafuna kalata ya dokotala kwa amene ali ndi matenda enaake, koma nyamakazi ya m'mawondo payokha sindinaonepo ikubweza munthu padoko.

Pa tsiku lenilenilo, mukangolowa pitani pa desiki yolandirira alendo mukanenenso pakamwa, ndipo muuzenso wosamalira chipinda chanu. Ngati sitimayo ikuchita zosonkhana pamodzi, nyamukani mphindi makumi awiri kapena atatu nthawi isanakwane, zikepe zikadali kuyenda, ndipo mupemphe mpando. M'sitima zambiri za masiku ano malo osonkhanira ali m'kati, m'chipinda chodyera kapena m'holo ya zisudzo, momwe muli mipando kale. Zikatha musadzuke msanga. Anthu amathamangira zikepe ngati mmene amachitira polimbirana basi ya ku Lusaka m'mamawa, ndipo ndi pamenepo pamene achikulire amakankhidwa.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala ndi phokoso. Chizindikiro cha ngozi ndi kulira kwafupikufupi kasanu ndi kawiri kotsatiridwa ndi kulira kumodzi kwakutali, ndipo kumamveka m'chipinda chilichonse ngakhale m'bafa. Kumalizidwa pa tsiku la zoyeserera kuti anthu akuzindikire. Auzeni amayi m'Chichewa zisanachitike kuti kudzalira chinthu chogonthetsa m'khutu koma palibe choopsa, chifukwa ndinaonapo agogo ena akunjenjemera mpaka kuitanitsa namwino poganiza kuti sitima yayamba kumira ikadali yomangidwa padoko.

Mayi Sakala, Katete

Ndikugwirizana ndi Bambo Nyirenda, ndipo ndiwonjezere zimene zinatichitikira ife. Ndinapita ndi bambo anga patatha zaka ziwiri atadwala sitiroko, mwendo wakumanja ukukoka. Fomu tinalemba bwinobwino n'kuipereka kwa amene anatigulitsa matikiti, ndipo tinakhazika mtima pansi. Titafika m'sitima ndinangofunsa mwamwayi pa desiki, n'kupeza kuti dzina la bambo silinafike pamndandanda. Analilemba nthawi yomweyo popanda vuto, koma ndikanapanda kufunsa tikanayenda ulendo wonse tikuganiza kuti akutidziwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Muuze mlongo wanu kuti asunge imelo yosonyeza kuti kampani yeniyeniyo yalandira fomuyo.

Zoyeserera zitatha tinachita chinthu chimene ndikuchiona kuti chinali chaphindu kuposa zonse. Madzulo anthu ali kodyera, tinayenda ndi bambo kuchoka pakhomo la chipinda mpaka pamalo osonkhanira, kutsatira chithunzi chimene chimakhala kuseri kwa chitseko, ndipo ine ndinatsika masitepe ndekha n'kuwawerenga. Ndinapeza kuti khonde la m'kati ndi lalitali kwambiri moti bambo anapuma katatu tisanafike n'komwe pamasitepe, komanso kuti pazitseko zina pali kachitsulo kotukuka pansi komwe phazi lokoka limakodwapo. Zimenezi filimu siyinena. Ndinachita zimenezi chifukwa ndinkakumbukira nkhani ya Oceanos, sitima imene inamira pa 4 Ogasiti 1991 ikupita ku Durban komweko kuchokera ku East London, mzinda wa ku South Africa. Anthu onse 571 anapulumuka, koma amene anatsogolera okwera anali oimba ndi osangalatsa alendo, chifukwa kaputeni ndi ena mwa akuluakulu a sitima anachoka anthu akadali m'kati. Malamulo akhwima kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, komabe ine ndinafuna kuti njirayo ikhale m'mutu mwanga.

Jekete loyandamitsa munthu pamadzi tinaliyesanso m'chipinda. Bambo sankatha kukweza mkono umodzi, ndiye ndinafunika kudziwa kuti ndiyambira mbali iti powaveka. Kwa amayi anu vuto lingakhale lakuti jeketelo likamangidwa limatchinga maso kuti munthu asaone mapazi ake, ndipo wa ndodo amadalira kwambiri kuona pamene akuponda. Zingwe zake zisamalendewere pansi.

Pa za kukana kwawo, bambo anganso anali otero. Mawu akuti olumala sindinawatchule n'kamodzi komwe. Ndinawakumbutsa kuti ku Kulamba ku Mkaika anthu aulemu wawo amakhala pamipando pamthunzi achinyamata ataima padzuwa, ndipo palibe amene amati okhala pansiwo ndi odwala. Atamva kuti fomuyo ndi yoti antchito adziwe wachikulire woyenera kumusamala poyamba, anasaina okha. Komanso ganizirani zobwereka njinga ya olumala yopindika kuchokera kuno kapena ku Johannesburg, chifukwa za m'sitima makampani ambiri amazisungira pokweza anthu, potsitsa ndi pa ngozi, sakubwereketsani ulendo wonse. Idzakuthandizaninso pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi la O. R. Tambo ku Johannesburg, amayi atatopa kale ndi msewu wa makilomita oposa 500 wochoka ku Chipata.

Funsaninso kumene sitimayo ikaime. Ngati ndi ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo, kulibe doko, ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono n'kukafikira pamchenga. Amene anakwerapo Ilala panyanja ya Malawi n'kuona mmene anthu amatsikira m'boti pamalo opanda doko akudziwa zimene ndikunena, ndipo kunyanja ya mchere mafunde amakhala okulirapo. Ife tinatsala m'sitima tsiku limenelo, ndipo bambo anasangalala chifukwa malo onse anali phee.

NaPhiri, Kapata, Chipata

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera amayi yankho la Mayi Sakala, ndipo pa za Kulamba aseka n'kunena kuti ngati ndi nkhani ya mipando ya akuluakulu, tiwalembe. Za njinga sanavomerebe, koma tili ndi miyezi yokambirana. Mlongo wanga waona kuti zipinda zathu n'ziwiri zotalikirana, ine ndi amayi kutsogolo, iye kumbuyo kwa sitima. Bambo Nyirenda, kodi zimenezi zili ndi kanthu? Ndipo belu lenileni litalira amayi ali m'chipinda ine ndili kwina, ndithamangire kuti?

Bambo Mwanza, Petauke

Ndavomereza kuti za khadi ndinalankhula mosaganiza bwino. Ife tinali awiri amiyendo yolimba, ndiye sindinaganizire za masitepe.

Bambo Nyirenda, Lundazi

Zili ndi kanthu ndithu, a NaPhiri. Malo osonkhanira amaperekedwa potengera pamene chipinda chili, choncho mlongo wanu angapatsidwe malo ena osiyana ndi anu, mwinanso boti lina lopulumukira. Aimbire kampani msanga apemphe chipinda choyandikana ndi chanu, ndipo afunsenso ngati chipinda chokonzedwera ovutika kuyenda chikadalipo, chifukwa n'zochepa ndipo zimatha mwamsanga. Zikakanika, funsani pa desiki tsiku lokwera ngati angaikidwe pamalo amodzi ndi inu.

Pa funso lachiwiri, antchito amaphunzitsidwa kuuza aliyense kuti apite kumalo ake osonkhanira, ndipo ngati mbali ina ya sitima yatsekedwa chifukwa cha moto, sadzakulolani kudutsa ngakhale mutalira. Uzani wantchito woyamba amene mwakumana naye nambala ya chipinda cha amayi ndi kuti ali pamndandanda wa ofunika thandizo, kenako pitani kumene akulozerani, mukanenenso kwa woyang'anira malowo amene amakhala ndi wailesi yolankhulirana. Majekete ena amasungidwa pamalo osonkhanira, choncho musabwerere m'chipinda chifukwa cha jekete. Chabwino n'chakuti mugawane nthawi ndi mlongo wanu kuti mmodzi azikhala pafupi ndi amayi, ndipo pafupi ndi chitseko pazikhala kachikwama ka mankhwala awo, juzi, nsapato zosaterera ndi kapepala kolembedwa m'Chingerezi konena dzina lawo, nambala ya chipinda, mankhwala amene amamwa, ndi kuti amamva bwino ndi khutu lakumanja.