Kabati, mipando ndi bokosi za pa kaunjika: ndiyambe ndi sandipepa?

Mayi a Mapasa:

Moni nonse. Ndikufuna nzeru kwa inu odziwa za matabwa ndi zosoka. Ndapeza katundu wogwiritsidwapo kale ntchito: kabati ya madilowa 4 yofika m'chiuno, mipando 2 ya patebulo, ndi bokosi lamatabwa lachivundikiro loti ana azisungiramo zidole. Kabatiyo ili ndi vanishi wakuda bii, pamwamba pali zipsera zozungulira, 2 zoyera ndi chimodzi chakuda, kunsi kuli timabowo, m'madilowa mukununkha chinyontho. Mipando ndi yogwedera, ili ndi penti wobiriwira wong'aluka, pokhalira ndi pansalu yothaitha. Sindikufuna kuti zisanduke ngati zogula lero, ukale wakewo ndi umene ndakonda, koma zikhale zaukhondo chifukwa m'nyumba muli mwana wokwawa. Ndiyambe ndi sandipepa? Wa nambala yanji?

Kalipentala Wapangodya:

Mayi, sandipepayo muyambe mwamusunga. Katundu wakale wambiri amawonongeka tsiku loyamba lomwelo chifukwa chopala musanadziwe chimene mukupala. Ndiyankhe za kabati.

Musailowetse m'nyumba kaye. Tulutsani madilowa onse, muigadamitse, muyang'ane timabowoto. Tikakhala ta 1 mpaka 2 mm, ndi potulukira tizilombo todya matabwa. Bowo palokha silikutanthauza kuti tidakalimo. Yalani pepala lakuda pansi pake, gogodani pang'ono, musese, kenako muisiye sabata imodzi kapena ziwiri. Mukapeza ufa watsopano woyererako papepalapo, kapena mabowo oyera m'kati mwake, mphutsi zikudyabe, ndipo zimatha kukhala m'thabwa zaka zingapo zisanatuluke. Mabowo akale amakhala akuda ndi fumbi. Mankhwala ake ndi a permethrin kapena a borax. Mumapaka ndi burashi mbali zopanda vanishi, monga kumbuyo, kunsi ndi m'kati, ndipo m'mabowo mumathira ndi jekeseni. Pamwamba pa vanishi salowa. Chitirani panja, ana asayandikire mpaka ataumiratu, komanso amphaka, chifukwa permethrin amawapha. Kenako dinikizani nsonga ya sikuludilaiva pamene pali mabowo ambiri. Ikamira, thabwalo latha, lisinthidwe. Mankhwala sabweza mphamvu ya thabwa.

Chachiwiri, itsukeni. Madzi ofunda lita imodzi, sopo wotsukira mbale timadontho tochepa, kansanza kofinya bwino. Pukutani kachigawo kakang'ono, muumitse pomwepo ndi kansanza kena. Madzi asaime. Kuda kuja nthawi zambiri ndi thukuta la manja, utsi ndi polishi wa zaka zambiri, ndipo mukachotsa mumapeza kuti kupala n'kosafunika n'komwe.

Chachitatu, dziwani chimene anapaka. Pamalo obisika ikani kathonje konyowetsa ndi sipiriti kwa mphindi imodzi. Pakafewa n'kumanata, ndi shellac, vanishi wachilengedwe wosungunuka mu sipiriti, ndipo mwapeza mwayi, chifukwa shellac watsopano amasungunula wakale n'kugwirana naye. Mutha kungopaka mikuto iwiri yopyapyala pamwamba pake. Sipiriti akakanika koma thinala n'kufewetsa, ndi lacquer, vanishi wina wouma msanga. Zonse zikakanika, ndi vanishi wamafuta kapena polyurethane.

Onaninso m'mphepete mwa pamwamba ndi kumbuyo. Ngati mizere ya mtengo siikupitirira kutsika m'mbali, kapena mukuona kachikuto kopyapyala komatidwa, ndiye viniya. Ena amakhala osafika 1 mm. Makina opalira amamuboola m'masekondi ochepa, makamaka m'makona, ndipo pobookapo sipabisika. Viniya amapalidwa ndi dzanja, nambala 220, sandipepa atakulungidwa pa kathabwa, motsata mizere ya mtengo. Thabwa lenileni lokha ndi limene mungayambe ndi 120, kenako 180, n'kumalizira 220. Nambala 80 ndi ya matabwa okhakhala, pano ilibe ntchito.

Zipsera zoyera ndi chinyontho chotsekeredwa mu vanishi. Yalani nsalu youma ya thonje, pitsanipo simbi yofunda chabe, yopanda nthunzi, masekondi 5 mpaka 10, mutukule muone, mubwereze. Simbi ikatentha kwambiri imatupitsa vanishi ndi kumatula viniya. Chipsera chakuda ndi nkhani ina: madzi anadutsa mpaka pa mtengo, chitsulo cha m'madzimo chinakumana ndi tannin, mankhwala achilengedwe a m'thabwa. Kupala sikuchotsa pokhapokha mutakumba dzenje. Chimafuna oxalic acid, asidi woyeretsa matabwa, pa thabwa lopanda vanishi, wopakidwa pamwamba ponse, osati pachipsera pokha, kuti pasatsale chigamba choyera. Ine ndingachisiye. Mwati mukufuna ukale wake, ndipo chipsera chimodzi sichiipitsa kabati.

Anamwino Opuma:

Zonse zimene anena a Kalipentala ndagwirizana nazo, koma ine nkhawa yanga ili pa mipando yobiriwirayo ndi mwana wokwawayo.

Penti wakale wambiri ali ndi mtovu. Ku America analetsa penti wotere m'nyumba ndi pa mipando mu 1978, koma m'mayiko ambiri anapitiriza kugulitsidwa zaka zambiri pambuyo pake, choncho kuoneka kwatsopanoko kwa mpando si umboni woti ulibe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Umawononga ubongo umene ukukula, mwana amavutika kuphunzira, ndipo zimenezi sizibwerera. Amene ali pangozi kwambiri ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Mwana wokwawa amadya fumbi la pansi kudzera m'zala, komanso amaluma miyendo ya mipando.

Ngati mungapeze zoyezera mtovu, chekani penti ndi mpeni mopendeketsa kuti mikuto yonse ioneke, muyeze mpaka wapansi, chifukwa wamtovuyo amakonda kubisala kunsi kwa penti wina. Ngati simungayeze, muutenge ngati ali nawo. Musapale pouma, musagwiritse makina, musawotche ndi moto kuti afewe. Gwiritsani mankhwala ochotsera penti, panja, mpando utaima pa pulasitiki, mutavala magolovesi ndi magalasi. Werengani chitini: a methylene chloride apeweni, nthunzi yake inapha anthu m'zipinda zotseka. Zopalazo zikulungeni m'pulasitikimo zidakali zonyowa. Zovala zimene munavala zichapidwe pazokha. Woyembekezera asagwire ntchito imeneyi. Kungopaka penti wina pamwamba n'kosakwanira pa mpando umene umakhulidwa tsiku ndi tsiku.

Kabati: imangirireni kukhoma ndi kachitsulo kangodya kapena lamba, masikuluu olowa m'khoma lenileni ndi m'thabwa lolimba la kabati, osati m'kathabwa kopyapyala ka kumbuyo. Ana amatsegula madilowa n'kumakwera, kulemera konse kumapita kutsogolo, kabati n'kuwagwera. Zolemera ziikidwe m'dilowa lapansi.

Bokosi: chotsani loko ndi chilichonse chimene chimadzikola chivundikiro chikatsekeka. Ana amabisalamo, mpweya n'kuwathera. Boolani mabowo a mpweya chakumtunda m'mbali ziwiri, ikani chogwiriziza chimene chimaimitsa chivundikiro paliponse pamene mwachisiya, ndipo musiye mpata wa 12 mm kutsogolo ndi m'mbali kuti zala zisapanike. Chophweka kuposa zonsezi ndi kuchotseratu chivundikirocho mpaka ana atakula.

Achimwene a Guluu:

Za kugwedera. Musakhome msomali ndipo musafinyire guluu pamng'alu mpando uli chiimire. Guluu woyera wa matabwa amagwira thabwa ndi thabwa, pa guluu wakale sagwira, ndiye pakatha mwezi mpando umayambiranso. Msomali nawo umang'amba mwendo.

Phwasulani pogwedera ponse. Musanatero, matani kapepala pa mfundo iliyonse mulembe A ndi A, B ndi B, chifukwa zigawo zooneka zofanana sizilowa m'mabowo a zinzake. Gogodani ndi nyundo ya labala, kapena ya chitsulo mutatsamiza kathabwa. Pakakana, yang'anani kaye ngati wina anakhomapo kamsomali kobisika. Guluu wakale wachikopa, wofiirira wonyezimira uja, amafewa ndi madzi otentha. Palani mpaka thabwa lioneke, m'bowo ndi pa chikhomo (nsonga yolowa m'bowomo), koma musadye thabwalo. Liume usiku wonse.

Lumikizani kaye popanda guluu. Chikhomo chikakhala chokhwepa m'bowo, guluu yekha sadzaza mpatawo. Chikulungeni ndi ulusi wa thonje wonyowetsa ndi guluu, kapena matani kampalo kopyapyala ka thabwa, muyesenso chitauma. Pomata zenizeni muli ndi mphindi 5 mpaka 10 zokha, ndiye zonse zikhale pafupi. Wopanda makilampu azungulize chingwe kawiri pa miyendo, alowetse kamtengo n'kupotokola mpaka pathine, ataika makatoni m'makona kuti chingwe chisadinde. Imikani mpando pansi posalala, ikani cholemera pokhalira, yezani kuchoka ngodya kupita ngodya mbali zonse ziwiri. Miyeso ikasiyana, mpando wapotoka, ukonzeni guluu asanagwire. Wotuluka m'mbali apukutidwe ndi kansanza konyowa, apo ayi malo amenewo adzakana mtundu. Maola 24 asakhalepo munthu. Penti achotsedwe kaye, kumata kubwere pambuyo.

Mayi a Mapasa:

Zikomo kwambiri nonse, za mtovu ndi loko sindinaziganizire. Sipiriti wafewetsa vanishi wa kabati, ndiye ndi shellac. Zatsala ziwiri: fungo la m'madilowa, ndiponso mipando ikayera ndipake chiyani kuti igwirizane ndi kabatiyo? Pokhalira ndimafuna kusokerera zigamba za zovala zakale.

Nachisale Wosoka:

Achemwali, zakale za pokhalira zonse zitayidwe, nsalu ndi zam'kati zomwe. Muli fumbi, nthawi zina nsikidzi. Onaninso m'mabowo a masikuluu ndi m'ming'alu: timadontho takuda ndi timakoko ndiye chizindikiro chake.

Zovala zimene mukufuna kudula zichapeni m'madzi a 60°C, zimapha nsikidzi ndi mazira ake, komanso nsalu yoti ifupike imafupikiratu musanasoke. Iliyonse muiyang'anire ku dzuwa n'kuikoka ndi manja awiri. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri, m'mawondo ndi m'zigongono, patha. Nsalu yabwino imatsala kumsana kwa malaya ndi kumunsi kwa miyendo ya thalauza. Cholakwika chachikulu ndi kusakaniza zolemera mosiyana, jinzi ndi kansalu kopepuka ka bulauzi. Yolimbayo imakoka yofewa, msoko n'kung'ambika pambali pake. Zotamuka musaziphatikizemo.

Dulani zigamba za 12 cm mbali zonse motsata ulusi wa nsalu, msoko wa 1 cm, ndiye chilichonse chimatsala 10 cm. Lumikizani mizere kaye, sitani misoko ya mzere wina kumanja, wotsatira kumanzere, kuti pokumana pasatupe. Mukamaliza yalani pa nsalu yolimba yosadula, musokerere motsata misoko. Yapansiyo ndi imene imanyamula kulemera kwa munthu. Siponji ikhale ya 5 cm, yolimba, yoposa thabwa la pokhalira ndi 1 cm kuzungulira. Nsalu ipose thabwa ndi 10 cm mbali iliyonse. Khomani pakati pa kutsogolo, kokani mukhome pakati pa kumbuyo, kenako m'mbali, muzipita chakumakona, makona pomaliza. Mukayamba pakona, zigamba zimakhota ndipo maso amaona msanga. Mabatani ndi mikanda ayi, mwana amazithothola n'kumeza.

Chigamba choyera mbuu chimene chikuthwanima pakati pa zinzake chiviikeni m'tiyi wakuda wamphamvu mphindi 20 mpaka 30, mutsukuluze. Amagwira pa thonje, pa poliyesitala sagwira, ndipo amasuluka pang'onopang'ono mukamachapa.

Kalipentala Wapangodya:

Fungo: pukutani m'kati mwa madilowa ndi viniga wosakaniza ndi madzi mofanana, muwaimike pamthunzi podutsa mphepo masiku angapo. Padzuwa lamphamvu amapindika. Kenako soda m'kambale, sabata imodzi, madilowa otseka. Likakanirira, mkuto umodzi wa shellac m'kati umalitsekera. Mafuta a linseed, opaka matabwa aja, m'kati mwa dilowa musapake, fungo lake limalowa m'zovala ndipo silitha msanga. Madilowa olimba potsegula, khulani kandulo m'mene amatsetsereka.

Pa mipando pali njira ziwiri. Thabwa likatuluka lokongola, ingopakani shellac mikuto 2 kapena 3, kupala mopepuka ndi 320 pakati, ndiye ifanana ndi kabati. Likatuluka la zigamba, pentani. Penti wosawala wooneka wakale mutha kupanga nokha: gawo limodzi la plaster of Paris (ufa woyera uja amapangira chikhakha cha wothyoka fupa), limodzi la madzi ozizira, 3 a penti wamadzi. Sungunulani ufawo m'madzi poyamba, mukauthira mu penti mwachindunji umachita mibulu. Pangani wokwanira tsiku lomwelo chifukwa amalimba. Mukaona madontho ofiirira akutulukira mu penti, ndi mtundu wa thabwa ukukwera, ndipo kuwonjezera mikuto sikuthandiza. Tsekani ndi shellac kaye. Wofuna kuti m'mphepete muoneke mothaitha akhule kandulo m'makona asanapake mkuto womaliza, akauma apale ndi 220, koma pokhapo pamene manja ndi mapazi amakhudza. Kupala paliponse kumaoneka kuti n'kochita kupanga. Pomaliza phula lopyapyala, kudikira mphindi 20, kupukuta mpaka liwale. Penti ameneyu wopanda phula amamwa litsiro.

Ngati mwasintha thabwa lofumbwa lija, latsopano lidzaoneka loyera pakati pa akale. Tsukani sitiliwulu mmodzi ndi sopo kuti mafuta achoke, mumuviike mu viniga 500 ml masiku awiri, botolo losatseka kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya. Pakani tiyi wamphamvu pa thabwa, liume, kenako madzi a vinigawo osefa. M'mphindi zochepa limada motuwira. Yesani pa chidutswa chotsala, chifukwa mitengo ya tannin wambiri imada mpaka bii.

Zogwirira ndi mahinji yesani ndi maginito. Akapanda kugwira, mwina ndi mkuwa weniweni, ndipo sopo ndi burashi yofewa n'zokwanira. Akagwira, ndi chitsulo chongokutira, mukachikhula mwamphamvu chikutocho chimachoka. Zadzimbiri zigone mu viniga usiku umodzi, mutsukuluze m'madzi a soda, muumitse pomwepo n'kupaka timafuta.

Nsanza zilizonse zimene zakhudza mafuta a linseed kapena vanishi wamafuta musaziunjike. Zikamauma zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni imodziimodzi panja, kapena zimizeni m'chitini cha madzi.