Nkhani ya Petro ndi Papa yandizunguza mutu, thandizeni

Abale ndithandizeni pang'ono, Lamulungu lapitali tinatsutsana ndi amalume omwe ndi akatekisiti, ine ndimapemphera ku CCAP. Tinali pakhonde tikudya chinangwa chophika ine nkungofunsa kuti mphamvu za Papa zolamulira mpingo wonse zinachokera pati m'Baibulo, iwo osachedwa atsegula Mateyu 16:18-19 paja Yesu akuuza Petro za thanthwe ndi makiyi a Ufumu (poti Akatolika amati Petro ndiye anali Papa woyamba), amvekere nkhani yathera pomwepa mphwanga.

Koma ine zikundivutabe. Pa Agalatiya 2:11 Paulo anamudzudzula Petro maso ndi maso ku Antiokeya chifukwa anasiya kudya ndi anthu amitundu ina, nde mutu wa mpingo wonse angakalipiridwe chonchi pagulu? Komanso pa msonkhano wa ku Yerusalemu, Machitidwe 15, amene anamanga mfundo pomaliza ndi Yakobo, ndipo Petro mwiniwakeyo pa 1 Petro 5:1 amangodzitcha mkulu mnzawo basi. Amalume akuti kudzudzulidwa sikuchotsa munthu pampando, Davide anadzudzulidwa ndi Natani koma anakhalabe mfumu, apa nde ndinasowa chonena ndithu.

Tsono mphamvu yomanga ndi kumasula ija pa Mateyu 18:18 inaperekedwanso kwa ophunzira enawo, kodi makiyi aja ndi chinthu china chosiyana? Nanga chiphunzitso choti Papa salakwitsa akamalengeza za chikhulupiriro ali pampando wake, chomwe anachikhazikitsa mu 1870 ku Vatican, chimatsamira vesi iti? Akatolika ndi abusa omwe muli muno ndiyankheni ndi mavesi chonde osati kunyozana, ndikakumananso ndi amalumewo ku chinkhoswe mwezi wamawa.